FLAC, ALAC, WAV kapena AIFF: Zikusiyana Pati Ngati Zonse Zimamveka Mofanana?

Mu September 2025 kampani ya Spotify inalengeza kuti makasitomala ake olipira mwezi ndi mwezi ayamba kumvera nyimbo za lossless, m'mafayilo a FLAC. Inachita kuchedwa nazo, poti lonjezo loyamba inalipereka kale mu February 2021. Apple Music inali itayamba kale kupereka nyimbo za lossless mu June 2021 pogwiritsa ntchito mtundu wakewake wotchedwa ALAC, ndipo kampani ya Tidal inasiya mtundu wina wotchedwa MQA mu July 2024 n'kutembenukira ku FLAC. Nkhanizi zinadzutsa mkangano umene okonda nyimbo akhala akukangana kwa zaka zoposa 20. Uyu akuti WAV ndiye mwini wake, zina zonse n'zofinyidwa. Uyo akuti FLAC basi. Wa iPhone akulumbirira ALAC. Munthu amene akungofuna kusunga bwino zimbale zake amatsala kukamwa kuli yasa.

Lossless ndi njira yosungira mawu popanda kutayapo kanthu, moti fayiloyo ikatsegulidwa imabweza manambala onse amene analowamo, osasowa ndi imodzi yomwe. Ndiye mitundu yonse ya lossless, ikapatsidwa nyimbo imodzi, imatulutsa mawu ofanana ndendende. Pamene imasiyana ndi pena: malo amene imadya, zipangizo zimene zimailandira, mmene imasungira dzina la nyimbo ndi la woimba, komanso ngati ingathe kukuuzani kuti fayilo yawonongeka.

Nyimbo imasanduka bwanji manambala?

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, kenako kachipangizo kena kamayeza mphamvuyo kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kumalemba nambala pa kuyeza kulikonse. Mndandanda wa manambala amenewu umatchedwa PCM, ndipo ndi umene uli pansi pa mitundu yonse imene tikukambirana pano.

Muyezo umene anthu ambiri anazolowera unabwera ndi CD, imene makampani a Philips ndi Sony anaitulutsa mu 1982. Pa CD mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi, mbali ya kumanzere payokha ndi ya kumanja payokha, ndipo nambala iliyonse imalembedwa ndi ma bit 16. Bit ndi kamalo kamodzi kosunga 0 kapena 1, ndipo ma bit 16 amapereka milingo 65,536 yosiyanasiyana. Nambala ya 44,100 sinangotoledwa. Khutu la munthu wachinyamata limamva mpaka mawu onjenjemera ka 20,000 pa sekondi, ndipo masamu a Harry Nyquist ndi Claude Shannon amasonyeza kuti kuti mawu agwidwe bwinobwino, ayenera kuyezedwa mofulumira kuposa kawiri kunjenjemera kwake. Choncho CD imatha kusunga mawu mpaka 22,050, kupitirira pang'ono pamene khutu limalekezera.

Mukachulukitsa 44,100 ndi 16 ndi 2 mupeza ma bit 1,411,200 pa sekondi, amene amalembedwa mwachidule kuti 1,411 kbps. Mphindi imodzi imadya malo opitirira pang'ono 10 MB, nyimbo ya mphindi zinayi 42 MB, ola lathunthu pafupifupi 635 MB. Zimene amazitcha hi-res, zoyezedwa ka 96,000 kapena ka 192,000 ndi ma bit 24, zimadya koposa: mphindi imodzi ya 24/192 yosapanikiza ndi 69 MB.

Njira ziwiri zochepetsera kukula

M'zaka za m'ma 1990 malo osungira anali ochepa ndipo intaneti inkayenda mwapang'onopang'ono, ndiye mafayilo aakulu chotere anali mtolo. Yankho limene linatchuka linali MP3, imene akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany anagwirapo ntchito yaikulu, ndipo inakhazikitsidwa mu 1993. MP3 ndi abale ake, AAC, Vorbis ndi Opus, amatchedwa lossy, chifukwa amataya dala mbali ya mawu. Amadalira kufooka kwa khutu. Ng'oma ikagunda mwamphamvu, kamawu kofooka kolira nthawi yomweyo pafupi nayo khutu silikamva, ndiye pulogalamu imakalemba mwachisawawa kapena kukasiya kumene. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, osafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a CD. Koma chimene chatayidwa chapita, palibe pulogalamu imene ingachibweze.

Tiyerekeze anthu awiri amene chikwama chawachepera paulendo. Woyamba akusiya zovala zimene akuganiza kuti sakazivala, chikwama n'kupepuka kwambiri. Wachiwiri akupinda chovala chilichonse mosamala n'kukanikiza mpaka zonse zitalowa. Chikwama cha wachiwiriyu sichipepuka ngati cha mnzake, koma akafika amatulutsa zonse zimene ananyamuka nazo. Woyambayo ndiye MP3. Wachiwiriyo ndiye FLAC ndi ALAC. WAV ndi AIFF sizipinda n'komwe, zimangofuna chikwama chachikulu.

Mmene FLAC imapanikizira popanda kutaya

FLAC anaiyambitsa Josh Coalson mu 2000, n'kutulutsa mtundu wake woyamba wokhazikika mu 2001. Mu 2003 inalowa pansi pa bungwe la Xiph.Org, ndipo mu December 2024 bungwe la IETF, limene limalemba malamulo a kayendedwe ka intaneti, linaisindikiza ngati RFC 9639. Ndi yaulere, ndipo aliyense atha kuwerenga mmene imagwirira ntchito n'kulemba pulogalamu yakeyake yoitsegula. Kwa munthu amene akuganiza za zaka 30 zikubwerazi, mfundo imeneyi ndi yolemera.

Chinsinsi chake n'chakuti manambala a nyimbo samadumphadumpha mwachisawawa. Nambala iliyonse imakhala pafupi ndi inzake yapitayo. Tinene kuti kuyeza kunayi kotsatizana kwapereka 20,000, 20,012, 20,025 ndi 20,037. Aliyense atha kuona kuti akukwera ndi 12 kapena 13, ndipo angalosere kuti yotsatira ikhala 20,049. Ikapezeka kuti ndi 20,048, palibe chifukwa cholembera nambala yonseyo. N'zokwanira kulemba kuti kuloserako kwaphonya ndi 1. Nambala ya 20,048 imafuna ma bit ambiri, pamene 1 amangofuna awiri kapena atatu.

FLAC imadula nyimbo m'tizigawo, kawirikawiri ta manambala 4,096, kamene ndi kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Pa kachigawo kalikonse imafufuza lamulo la masamu limene likulosera bwino kwambiri, n'kulemba lamulolo pamodzi ndi timanambala tosonyeza pamene laphonya. Timanambalato timalembedwa m'njira ya Rice, imene imapatsa manambala aang'ono malo ochepa ndi aakulu malo ambiri. Palinso nzeru ina. M'nyimbo zambiri mawu a woimba ndi besi amakhala pakati, kutanthauza kuti mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zimafanana kwambiri. M'malo molemba zonse ziwiri, FLAC itha kulemba zimene zikufanana kamodzi, kenako n'kulemba kusiyana kwake kokha. Poimba, pulogalamu imabwereza kulosera komwe kuja, n'kuwonjezera pamene panaphonya, ndipo 20,048 uja amabwerera mmene analili.

Apa m'pamene pamaonekera chifukwa chake mafayilo a FLAC sachepa mofanana. Piyano yolira yokha mwakachetechete ndi yosavuta kulosera, ndipo fayilo yake itha kutsika kupitirira theka. Nyimbo ya magitala amagetsi ndi zinganga zosalekeza, yokwezedwa mpaka pamapeto, ndi yovuta kulosera, ndipo imachepa pang'ono chabe. Zambiri zimagwera pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya kukula kwa poyamba. Ndiye mukaona FLAC ina ikulemba 600 kbps ndipo ina 1,000 kbps, sikuti yachiwiriyo ndi yabwino kuposa yoyamba. Yangokhala yaphokoso kwambiri.

Chisokonezo china chimabwera ndi milingo ya 0 mpaka 8 imene mapulogalamu amakufunsani popanga FLAC. Anthu ozolowera MP3 amaganiza kuti ndi milingo ya kamvekedwe. Ayi. Mlingo umangouza kompyuta kuti ilimbikire bwanji pofufuza lamulo lolosera. Pa 8 imatenga nthawi yotalikirapo n'kutulutsa fayilo yocheperako pang'ono, pa 0 imafulumira n'kutulutsa yokulirapo. Mawu ndi amodzimodzi. Mlingo umene umabwera wosankhidwa kale ndi 5, ndipo kusiyana kwake ndi 8 n'kochepa kwambiri moti sikoyenera kusowa nako tulo.

Chinthu chimene FLAC imaposera anzake ambiri sichikhudza makutu n'komwe. Popanga fayilo, imawerengera chidindo cha manambala chotchedwa MD5 kuchokera ku mawu oyambirira, n'kuchisunga mkati. Patapita zaka, mutha kulamula pulogalamu kuti itsegule fayiloyo, iwerengerenso chidindo, ifananitse. Pa pulogalamu ya flac yeniyeni lamulo lake ndi flac -t. Ngati bit imodzi yokha yasintha chifukwa disiki yakalamba kapena kukopera kunadukira panjira, mudziwa. Amene ali ndi nyimbo masauzande sangathe kumvera iliyonse kuti aone ngati ili bwino, koma kompyuta itha kuziyesa zonse usiku umodzi.

WAV ndi AIFF, zosapanikiza

WAV inapangidwa ndi Microsoft ndi IBM mu 1991. AIFF ndi ya Apple, ya mu 1988. Zonse ziwiri ndi PCM yosapanikiza yokhala ndi kamutu kofotokoza kuti manambalawo awerengedwe bwanji. Ubwino wake ndi umenewo: palibe pulogalamu ya mawu imene siidziwa WAV. M'situdiyo, momwe mawu amadulidwa, kusakanizidwa ndi kusungidwa kambirimbiri pa tsiku, ndiyo imalamulira. Nyumba zoulutsira mawu ndi zosungira zinthu zakale zimakonda mtundu wake wotchedwa BWF, umene bungwe la European Broadcasting Union linakhazikitsa mu 1997, woti umasunganso tsiku, nthawi ndi mbiri ya kujambulako.

Vuto la WAV limaonekera mukaigwiritsa ntchito posunga nyimbo zomvera. Matagi, amene ndi zolemba za mkati mwa fayilo zonena mutu wa nyimbo, woimba, chimbale, chaka ndi chithunzi cha pachikuto, alibe njira imodzi yogwirizana mu WAV. Pulogalamu ina imawalemba mwanjira iyi, ina mwanjira iyo, yachitatu siwawerenga n'komwe. Mutha kuthera sabata mukukonza matagi pa kompyuta, n'kuika mafayilowo pa fulashi, wailesi ya m'galimoto n'kungokuonetsani kuti woimba sakudziwika. AIFF imachitako bwino pa nkhaniyi, n'chifukwa chake ma DJ ambiri amaikonda, makamaka poti makina awo akale sankalandira FLAC. Pa makina a Pioneer, CDJ-2000NXS2 ya mu 2016 imalandira FLAC ndi ALAC, pamene ambiri amene anaitsogolera ankangodziwa WAV, AIFF, MP3 ndi AAC. WAV wamba ilinso ndi malire a 4 GB pa fayilo imodzi, amene sakhudza nyimbo ya mphindi zisanu koma amakhudza wojambula konsati yaitali pa 24/96. Komanso WAV kapena AIFF wamba ilibe chidindo chodziyesera ngati cha FLAC.

ALAC ndi msampha wa .m4a

Apple inatulutsa ALAC mu 2004, n'kuitsegulira aliyense mu October 2011. Kagwiridwe kake kamafanana ndi ka FLAC, kulosera ndi kulemba pophonya, ndipo kukula kwa mafayilo kumangosiyana pang'ono. Chifukwa chenicheni chosankhira ALAC n'chimodzi: pulogalamu ya Music ya Apple, komanso iTunes, sizilandira FLAC m'nkhokwe yake ya nyimbo. iPhone yeniyeniyo imatha kuimba FLAC kuyambira pa iOS 11 mu 2017, kudzera mu pulogalamu ya Files kapena mapulogalamu ena monga VLC, koma ngati mukufuna nyimbo zanu zikhale pamodzi ndi zina mu Music, njira ndi ALAC kapena AIFF ndi WAV. Kumbali inayi, Android yakhala ikuimba FLAC kuyambira mu 2011, ndipo Windows 10 inabwera ikudziwa kale FLAC ndi ALAC.

Chofunika kusamala nacho n'chakuti mafayilo a ALAC amathera ndi .m4a, chimodzimodzi ndi a AAC, imene ndi lossy. Dzina la fayilo silikuuzani chimene chili mkati. Yang'anani kukula kwake kapena tsegulani pofotokoza za fayiloyo. Nyimbo ya mphindi zinayi ikakhala 8 MB, imeneyo ndi AAC ya 256 kbps. Ikakhala cha m'ma 25 kapena 30 MB, ndi ALAC. ALAC nayonso ilibe chidindo cha MD5 mkati mwake.

Mitundu ina imene mungakumane nayo

Monkey's Audio, ya mafayilo othera ndi .ape, anaipanga Matthew Ashland mu 2000. Imapanikiza kuposa FLAC pang'ono, koma imalemetsa chipangizo poimba, pamene FLAC inakonzedwa dala kuti ntchito yolemera ichitike popanga fayilo, poimba pazikhala popepuka. OptimFROG imapanikiza koposa pamenepo, n'kulemeranso koposa, ndipo zipangizo zoilandira n'zosowa. WMA Lossless ya Microsoft, ya mu 2003, inatsalira m'mbuyo. Pamene malo osungira anatsika mtengo, phindu lopulumutsa magawo awiri kapena atatu pa 100 aliwonse linasiya kukopa anthu.

WavPack ya David Bryant, imene inayamba mu 1998, ndiyo yoyenera kuimirapo pang'ono. Itha kugawa nyimbo pawiri: fayilo yaing'ono ya .wv imene imaimba payokha ngati lossy, ndi ina ya .wvc yosunga zonse zimene zinachotsedwa. Ziwirizi zikakhala pamodzi, nyimbo imabwerera yathunthu. Imathanso kusunga mawu a 32-bit float amene mapulogalamu a m'situdiyo amagwiritsa ntchito, chinthu chimene FLAC siichita. Chimene imasowa ndi zipangizo zambiri zoidziwa.

MQA, imene Tidal inaisiya ija, inkabwera itavala chikuto cha FLAC, koma akatswiri ambiri anatsutsa kuti si lossless m'tanthauzo limene tafotokoza pano. Kampani yake inagwa m'mavuto a zachuma mu 2023 ndipo luso lakelo linagulidwa ndi Lenbrook ya ku Canada.

Nanga amene amati WAV imamveka bwino kuposa FLAC?

Alipo ambiri, ndipo ena ndi anthu a makutu akuthwa. Koma FLAC siifika pa sipika ili FLAC. Pulogalamu imayamba yaimasula kukhala PCM, ndipo kachipangizo kosandutsa manambala kukhala mawu, kotchedwa DAC, kamalandira manambala omwewo amene kakanalandira kuchokera ku WAV. Izi mutha kuziyesa nokha. Tengani WAV, muisandutse FLAC, muibwezerenso ku WAV. Ikani WAV yoyamba ndi yatsopanoyo mu pulogalamu yaulere ya Audacity, imodzi muitembenuze mafunde ake, muzisakanize. Chimene chimatsala ndi zii, chifukwa nambala iliyonse yafafanizidwa ndi inzake.

Kusiyana kumene anthu amamva kumakhala ndi magwero ena. Mafayilo a FLAC ambiri amakhala ndi tagi ya ReplayGain, imene imauza pulogalamu kuti itsitse voliyumu kuti nyimbo zonse zizimveka molingana. WAV kawirikawiri ilibe tagi imeneyi, ndiye imalira mokwezerapo, ndipo khutu la munthu limakonda kuweruza chokwezeka kuti ndicho chabwino. Nthawi zina mafayilo awiriwo sanachokere pa gwero limodzi. Chimbale chimodzi chitha kutulutsidwa kangapo, china chokonzedwa mofatsa m'zaka za m'ma 1980, china chokonzedwanso pambuyo pake n'kukwezedwa mpaka ng'oma kuphwatalala. Kusiyana kumeneko ndi kwenikweni, ndipo n'kwakukulu kuposa kulikonse kumene mtundu wa fayilo ungabweretse. Kwinako ndi maganizo chabe: munthu akadziwa fayilo imene ikulira, amamva zimene akuyembekezera.

Funso lovutirapo ndi lakuti kaya lossless imamveka mosiyana ndi MP3 ya 320 kbps kapena AAC ya 256 kbps. Apa kusiyana m'manambala kulipodi, koma kuti khutu likugwire ndi nkhani ina. Njira yachilungamo yodziwira ndi mayeso otchedwa ABX, amene pulogalamu ya foobar2000 imatha kuchititsa. Imakupatsani mafayilo awiriwo ngati A ndi B, kenako X wobisika, inu munene ngati X ndi A kapena B. Mubwereze ka 16. Wongolota amapeza pafupifupi theka. Anthu ambiri amene amayesa moona mtima amadabwa ndi mmene zimavutira, ngakhale kuti pa nyimbo zina, makamaka za zinganga, kuwomba m'manja ndi mawu akuthwa odukaduka, makutu ozolowera amatha kugwira.

Ndiye pali Bluetooth, imene otsatsa malonda sakonda kuitchula. SBC, njira imene mahedifoni onse a Bluetooth amaidziwa, imafika cha m'ma 328 kbps. LDAC ya Sony imafika 990 kbps. Zonsezi ndi lossy, chimodzimodzi AAC imene iPhone imatumizira mawu ku AirPods. Qualcomm inabweretsa aptX Lossless mu 2021, koma imafuna kuti foni ndi mahedifoni zonse zikhale zoidziwa, komanso kuti mafunde asasokonezeke. Kwa anthu ambiri, FLAC ikamadutsa pa Bluetooth imafika m'khutu itasanduka kale lossy. Phindu limene latsala n'lakuti mawu atayidwa kamodzi m'malo mwa kawiri, koma amene akumvera pa intaneti amalipira phindu limenelo ndi deta yochuluka kangapo. Amene akufuna lossless yeniyeni mpaka m'khutu, yankho lake likadali waya.

Za hi-res nazonso zimafuna kudekha. Ma bit 24 ndi othandiza kwambiri pojambula ndi posakaniza, chifukwa amasiya mpata waukulu wokweza ndi kutsitsa popanda kubweretsa phokoso. Pomvera, ma bit 16 amapereka kale mtunda wa ma decibel 96 pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okwezetsa, woposa umene chipinda wamba chingalole kuti mumve. Ndipo zimene 96,000 kapena 192,000 imawonjezera ndi mawu apamwamba pa 22,050, kumene khutu la munthu silifika.

Dzina la fayilo si umboni

FLAC imasunga mokhulupirika chilichonse chimene yapatsidwa, chabwino ndi choipa chomwe. Munthu akatenga MP3 ya 128 kbps n'kuisandutsa FLAC, amapeza fayilo yaikulu kasanu kapena kuposa, yokhala ndi mawu omwe aja a MP3. Mafayilo otere ali mbwee pa intaneti. Kapulogalamu kaulere ka Spek kamajambula chithunzi cha mawu onse a m'nyimbo, otsika pansi, okwera pamwamba. Nyimbo yochokera pa CD kawirikawiri imafika cha m'ma 20,000 kapena 22,000 n'kumazimiririka pang'onopang'ono. Yochokera ku MP3 ya 128 kbps imaoneka ngati yadulidwa ndi lumo cha pa 16,000, pamwamba pake pali bii. Chimodzimodzi fayilo yolembedwa kuti 24/96 koma yopanda kanthu pamwamba pa 22,050, n'kutheka kuti ndi CD yongofufumitsidwa. Chithunzichi si woweruza womaliza, poti nyimbo zojambulidwa kalekale zimakhala kale ndi mawu apamwamba ochepa, koma mzere wowongoka ngati wa rula ndi wokayikitsa.

Pokopera CD yanu, vuto limakhala pa kuwerenga. Chimbale chikakalika, makina amatha kudzaza pamene asowa ndi manambala ongoyerekeza, osakuuzani. Mapulogalamu monga Exact Audio Copy, imene Andre Wiethoff anaiyamba mu 1998, dBpoweramp, komanso XLD ya pa Mac, amawerenga mobwerezabwereza pamene akukayikira, kenako n'kufananitsa zotsatira ndi nkhokwe ya AccurateRip, yosunga zidindo za anthu ena amene anakopera chimbale chomwecho. Zikagwirizana ndi za anthu amene simukuwadziwa, ogwiritsa ntchito makina ena, mutha kukhulupirira kuti mwakopera molondola.

Ndiye musankhe iti?

Poti mawu ndi amodzi, funso limasanduka lakuti nyimbozo muziimbira pa chiyani. Wa Android, Windows kapena Linux sasowa chifukwa chochokera pa FLAC. Amene moyo wake wonse uli mu pulogalamu ya Music ya Apple, ALAC imuchepetsera mavuto. Wojambula ndi kusakaniza nyimbo azigwira ntchito ndi WAV, ndipo ntchito ikatha atha kuisunga mu FLAC kapena WavPack kuti apulumutse malo. DJ ayambe wafunsa makina amene akaimbirepo. Wailesi ya m'galimoto ndi TV zili ndi khalidwe lakelake, ndipo n'kwanzeru kuyesa fayilo imodzi musanasandutse chikwi.

Kwa ine, phindu lalikulu la lossless lili pa kusunga kuposa pa kumvera. Mukakhala ndi kope lathunthu, mutha kupangapo AAC kapena Opus ya pa foni lero, ndipo kukabwera mtundu wina wabwino koposa mawa, mupangenso kuchokera pa kope lomwelo. Amene anangosunga MP3 alibe mwayi umenewu, chifukwa kusandutsa lossy kupita ku lossy ina kumataya kachiwiri pamwamba pa zimene zinatayika kale. Ndipo kusankha pakati pa FLAC ndi ALAC si ukwati. Mutha kuchoka ku FLAC kupita ku ALAC, kubwerera, kudutsira ku WAV, kakhumi kapena ka 100, manambala osasintha. Malo ogulitsa nyimbo monga Bandcamp amakulolani kupanga dawunilodi nyimbo imodzi mu FLAC, ALAC, WAV kapena AIFF, chifukwa zonsezo zimachokera pa fayilo imodzi imene woimba anaikapo.

Posandutsa, zimene zimasokonekera kawirikawiri ndi matagi. FLAC imalola kuti mulembe tagi ya dzina lililonse limene mukufuna, komanso oimba angapo payekhapayekha, ndipo si zonse zimene zimawoloka bwino kupita ku .m4a. Kudutsira ku WAV ndiye kutha kufafaniza zonse, chithunzi cha pachikuto chomwe. Palinso mapulogalamu amene amasintha muyezo mwakachetechete. Pulogalamu yotchuka ya ffmpeg, mukaiuza kuti isandutse FLAC ya ma bit 24 kukhala WAV osatchula china chilichonse, imatulutsa WAV ya ma bit 16, ndipo pamenepo mwataya kanthu ngakhale mitundu yonse iwiri ili ya lossless. Musanafufute mafayilo akale, tsegulani angapo mwa atsopanowo muone ngati ma bit ndi liwiro la kuyeza zikufanana ndi za poyamba, ngati matagi afika, komanso ngati nyimbo zolumikizana, monga za pa konsati, zikudutsana popanda kudukiza. Chidindo cha MD5 chimangokuuzani kuti fayilo yawonongeka, sichiikonza, ndiye pafunikabe kope lachiwiri pa disiki ina yosalumikizidwa ku kompyuta yomweyo.